Msana wa Amalume

9 Malichi

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mashini anu osokera aja, amene mumawasisita kuposa ana anu. Ine kuno ndili bwino, m'manja mokha ndimo mwatuluka matuza chifukwa cha matayala. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni mumandidula mawu, ndisanamalize mwayamba kale kupemphera. Kondakitala wa basi yam'mawa wavomera kuti azititengera makalata.

Mukukumbukira kuti chaka chatha ndinalephera phunziro limodzi, la malamulo a za malo. Inu munati ndinkasewera. Sindinkasewera. Phunzirolo amaphunzitsira m'chipinda chapamwamba penipeni pa nyumba yosanja, ndipo chikepe chake chinafa ine ndisanabwere kuno, moti mkatimo amasungamo matsache ndi zidebe. Anyamata a m'kalasi ankandinyamula pamodzi ndi njinga yanga ya olumala, mpaka tsiku lina mmodzi anapunthwa, tonse n'kutsika masitepe mofulumira kuposa mmene tinakwerera. Kuyambira pamenepo, akandiona ndikubwera aliyense amakumbukira kuti ali ndi foni yoti ayankhe. Sindiwaimba mlandu. Anabwera kudzaphunzira, osati kudzasenza munthu.

Chaka chino ndikubwereza phunzirolo. Lamulo la pano ndi loti ukalephera phunziro lomwelo kawiri amakuchotsa, zaka zonse zimene wavutikazo n'kupita m'madzi.

Amene amaphunzitsa ndi pulofesa wina amene tinam'patsa dzina loti a Chitseko, chifukwa nthawi ikangokwana amatseka n'kuponya kiyi m'thumba. Ndinawapempha kuti kalasi itsikire pansi, poti zipinda zilipo zongokhala akangaude. Anandiyankha kuti aphunzitsira m'chipinda chimenecho kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo zenera lake limalowetsa kamphepo kabwino.

Ndiye ndalemba dandaulo. Lamulo la yunivesite yomweyi limanena kuti wophunzira waulumali akalephera kufika m'kalasi, kalasiyo izimutsatira. Sindikupempha chifundo, ndikungowakumbutsa zimene analemba okha. Tilipo angapo: mnzanga wina wosaona amene mabuku ake amafika mayeso atatha, ndi mtsikana wosamva amene amangoyang'ana nkhongo za aphunzitsi akamalankhula ndi bolodi. Koma dzina lili pamwamba ndi langa, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Akuluakulu akumana kumapeto kwa mwezi uno, ndipo langa likadutsa, a anzangawo adutsanso.

Chimodzi chokha ndikukupemphani: amalume musawauze. Mukudziwa kuti ndi mesenjala mu ofesi ya bwana woona za ophunzira, komwe dandauloli lapita, ndipo bwanayo akayetsemula amene amapepesa ndi amalume.

Ngati muli ndi zidutswa za nsalu yolimba, mundisokereko magolovesi odula zala. Mundiuzenso ngati denga lakukhitchini lija munalikonza.

Ndine mzime wanu


17 Malichi

Achimwene,

Landirani moni, mupereke kwa alamu ndi ana. Ife kuno tadzuka, mawondo okha ndiwo sakumva mankhwala. Ntchito yachepa, anthu akungogula zosokasoka.

A Loya anu, mzime wanga uja, andilembera kalata yaitali ngati chigamulo. Akuti ndisakuuzeni, n'chifukwa chake ndikukuuzani, pakuti mwana akati usauze munthu ndiye kuti kwinakwake kukufuka utsi. Wakasumira aphunzitsi ake kwa akuluakulu. Achimwene, mtima wanga uli m'mwamba. Ana a miyendo yabwinobwino ali mbwee m'makomo kusowa malo, iyeyu anamulandira, lero akufuna pulofesa atsike kumutsata? Anthu ophunzira akakwiya sakalipa. Amakusekerera, kenako umangoona dzina lako palibe. Komanso inu muli momwemo. Ntchito yanuyo ikatha, tonse tigwira chiyani?

Inu mukudziwa mmene ndinamulerera. Poliyo itamugwira, abambo ake anayang'ana miyendo ija kamodzi n'kunyamula chikwama chawo. Ine ndinam'bereka kumsana kupita naye kupulaimale, mvula ndi dzuwa, mpaka atakula mapazi ake ankakhwekhwereza pansi. Sindinalembereko munthu dandaulo. M'banja mwathu muno munthu wathu timanyamula tokha, sitikam'tula pakhomo pa ena.

Chonde pitani mukazimitse motowu usanafike kudenga. Mmene mukalankhulire mukudziwa ndinu, poti anthuwo mumawaikira tiyi tsiku ndi tsiku. Mwanayo musamukalipire kwambiri, ndi kuwerenga kumene kwamukwera kumutu.

Ndine mlongo wanu


25 Malichi

Achemwali,

Moni nonse kumeneko. Kalata yanu inandipeza, ndipo ndikuti gonani tulo, nkhani yatha.

Lolemba m'mawa nditawaikira tiyi bwana, sindinatuluke. Ndinaima pafupi ndi khomo, chipewa kumanja, mpaka anakweza maso. Ndinati, "Bwana, mtsikana wa njinga uja ndi mwana wa mlongo wanga." Anadabwa, poti chibwerereni mwanayu sindinawauzepo. Ndinaona pepala lake lili pa tebulo pomwepo, atalilemba mizere yofiira.

Ndinati, "Bwana, ana a masiku ano akawerenga mabuku awiri amayesa dziko analemba ndi iwo. Banja silikudziwa za dandaulo limeneli, ndipo banja lachita manyazi. Ngati vuto ndi masitepe, msana ndili nawo. Ndizimukweza ndekha, ndizimutsitsa ndekha."

Achemwali, bwana anadzuka pampando n'kundigwira chanza. Chiyambireni ntchito muno sizinachitikepo. Anati, "Ndiye kuti banja lapeza njira?" Ine ndinati inde. Anaitana sekilitale n'kumuuza kuti alembe zoti nkhaniyi yathetsedwa ndi banja, ndipo aichotse pa zokambirana za akuluakulu. Anandiuzanso, ngati mnzawo, kuti kukonza chikepe n'kodula ndipo pulofesa uja sakonda kuuzidwa zochita. Anati anthu ngati ine ndi amene dziko likusowa.

Mwanayo sindinamuuze kaye. Amva kwa sekilitale, poti zoterezi zimakoma zikachokera ku ofesi. Akapsa mtima apsa, mawa adzatithokoza.

Ndine mlongo wanu


3 Epulo

Amayi,

Moni ndikupatsani chifukwa munandiphunzitsa kutero.

Ndinakupemphani chinthu chimodzi. Chimodzi chokha. Tsiku la msonkhano ndinavala bulawuzi yoyera ija, mapepala anga ali pamiyendo, n'kupita ku ofesi. Sekilitale anandisekerera mpaka mano onse, amvekere, "Iii, mwayi wanu muli ndi amalume okukondani. Nkhani yanu inatha kale." Ndinafunsa kuti inatha bwanji mwiniwake ndisakudziwa. Anati banja linalankhula. Ndinamuuza kuti wophunzira pano ndine, osati banja, ndipo ndine munthu wamkulu. Anandipatsa switi.

Anzanga aja madandaulo awo agwa pamodzi ndi langa. Mnzanga wosaona anandifunsa kuti, "Ndiye amalume akowo azindiwerengeranso mabuku?" Ndinasowa poika nkhope.

Mukufuna kudziwa mmene zikuyendera? Ndikuuzani, poti mwazikonza ndinu. Lachiwiri ndi Lachinayi amalume amandipeza pansi pa masitepe. Amagwada kundifulatira, ine n'kukoleka manja m'khosi mwawo, iwo n'kundigwira m'ntchafu. Ndinasiya kuvala siketi. Tikamakwera amafuula kuti, "Zikomo, zikomo, katundu akudutsa," ndipo amaseka okha. Anzanga amayang'ana kumbali chifukwa cha ulemu, ndipo ulemu umenewo umandiwawa kuposa akanangoseka. Njinga imatsala pansi. Pamwambapo amandikhazika pa desiki yoyamba ngati thumba la nyemba, ndipo pamenepo ndi pomwepo mpaka adzabwere. Chimbudzi chili pansi, choncho masiku amenewo madzi sindimwa kuyambira m'mawa. Lachinayi lapitali anachedwa kudzanditenga, anthu onse anatuluka, ndipo wosesa anachita kusesa mondizungulira.

Ndikakhala panjinga ndimapita komwe ndikufuna, nthawi imene ndikufuna, ndipo munthu akandinyansa ndimatembenuka n'kuchoka. Kumsana kwa munthu ulibe chonena. Kodi zimenezi n'zovuta kumva?

Ndabwerera ku ofesi kukafunsa kuti dandaulo alitsegulenso. Bwana akuti amalume akayambe abweza okha mawu awo. Amalume akuti mwamuna sabweza mawu. Amayi, alembereni. Inu amakumverani. Mayeso ali kumayambiriro kwa Juni, ndipo moyo wanga wonse sungapachikike pa msana wa munthu amene amatumidwa ndi aliyense wovala tayi.

Amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Wochepa mwendo pano ndine, ndiye nanunso mundione bwinobwino. Ndakwiya, Amayi, ndipo ndili ndi mantha.

Mzime wanu


19 Epulo

Mwana wanga,

Kalata yako inachedwa chifukwa basi inafa, kondakitala anayenda nayo m'thumba sabata yonse. Ndinaiwerenga, ndinalira, kenako ndinapsa mtima.

Amalume ako ndi bambo wa imvi. Akugwada pansi pamaso pa ana kuti iwe ukwere, ndipo iwe ukuona kuti akukunyoza? Ine msana wanga unapindika chifukwa cha iwe, mpaka lero ndikamasoka ndimachita kutsamira pilo. Kodi nanenso ndinkakunyoza? Unkagona tulo kumsana kwangaku, dovu lako lili pakhosi panga, sunanenepo kuti ulibe chonena.

Iwe umadziwa malamulo, ine ndimadziwa anthu. Munthu wonga iwe amadya ndi pakamwa pokoma. Ukayamba kuloza anthu chala, ngakhale amene amakutsegulira geti asiya. Ndikadzafa ine, pepala la malamulo silidzakusambitsa. Adzakusambitsa ndi abale, ndiye abale usawatope nawo msanga.

Amalume ako sindiwalembera zobweza mawu. Zitawavuta kuntchito, iweyo uwadyetsa ana awo? Pirira miyezi iwiriyi, ulembe mayeso, ukhoze, kenako uzikasumira amene ukufuna. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Magolovesi ndatumiza, ndawasoka ndi nsalu ya jinzi, m'katimo ndaikamo thonje. Denga lija likadali kudontha. Uzimwa madzi, impso sizidziwa za pulofesa.

Ndine mayi ako


12 Meyi

Achemwali,

Moni. Ndili ndi nkhani yabwino, khalani pansi.

Sabata yatha kunabwera mnyamata wa kamera kuchokera ku ofesi ya zofalitsa nkhani ya yunivesite. Anatijambula tili pakati pa masitepe, mwanayu ali kumsana. Anatibwezetsa kangapo chifukwa a Loya sankaseka. Potsiriza anati palibe kanthu, nkhope yofunika ndi yanga. Chithunzicho chatuluka m'kanyuzipepala ka pasukulu pano, ndipo achimata pakhomo lolowera ndi mawu akuti pano palibe wotsalira. Ndakutumizirani chimodzi, muikemo mu felemu.

Zitatero bwana anati munthu wokhulupirika ngati ine sangamangoika tiyi. Tsopano ndimayenda nawo m'galimoto, kuwanyamulira chikwama ndi kuwagulira zofunika m'tauni. Andipatsa jekete. Alamu anu akuti ndikuoneka ngati nduna.

Vuto ndi loti maulendowa sasankha tsiku. Kawiri kapena katatu ndalephera kufika pa masitepe, mwanayu n'kujomba kalasi. Ndinam'pepesa. Masiku ano tikamakwera salankhula chilichonse, ndimangomva mpweya wake pakhosi. Wachepanso thupi, zomwe kumbali ya msana wanga sizoipa, poti chiuno chayamba kundiluma ndikamadzuka.

Ndamuuza kuti asalole anyamata ena kumunyamula. Bwana angaone ngati ndalephera zimene ndinalonjeza, komanso mwana wamkazi sangamagwiridwe ndi aliyense. Za tsiku la mayeso musade nkhawa, ndalilemba padzanja.

Ndine mlongo wanu


6 Juni

Amayi,

Moni. Muwerenge mpaka kumapeto, kenako mupemphere ngati mukufuna.

Mayeso aja anali dzana m'mawa. Ndinafika pansi pa masitepe anthu asanayambe kubwera. Ndinali nditawerenga, Amayi. Phunziro limeneli ndikulidziwa kuposa aliyense m'kalasi imene ija, poti ndalidya kawiri. Anzanga anayamba kudutsa. Mnyamata wina wamtali anaima n'kunena kuti, "Tiye ndikukweze." Ndinati ayi, amalume akubwera, anachita kulumbira. Ndinamvera mawu a banja, mwamva? Kamodzi kokhako ndinakhala mwana wabwino.

Masitepe anakhala zii. Ndinaimba foni, sinayankhidwe. Ndinamva chitseko chapamwamba chikutsekedwa. Lamulo limalola wochedwa kulowa ngati theka la ola lisanathe, ndiye ndinatsika panjinga. Ndinakhala pa sitepe yoyamba chofulatira, cholembera ndi chiphaso nditaluma kukamwa, n'kuyamba kudzikweza ndi manja. Sitepe iliyonse ndinkakweza thupi, kenako n'kukoka miyendo ndi thalauza. Magolovesi anu anathandiza, ndisaname. Pokhota pachiwiri mayi wina wogwira ntchito mu ofesi anandidutsa n'kunena kuti, "Koma ndinu olimba mtima." Sanaime.

Nditafika ndinagogoda chitseko kumunsi kwake. A Chitseko anatsegula pang'ono. Anayang'ana kaye pamwamba, pamene pamakhala nkhope za anthu, kenako anatsitsa maso.

"Mwachedwa."

"Bwana, ndakwera ndi manja."

Anayang'ana wotchi. "Lamulo ndi lamulo. Inu amene mukuphunzira malamulo muyenera kudziwa bwino."

Ndinati lamulo lomwelo limanena kuti mayeso anga akhale pamalo pamene ndingafike. Anati, "Ine ndinauzidwa kuti banja lanu linapeza njira." Anatseka mosamenyetsa.

Ndinakhala pakhonde pomwepo, msana kukhoma, ndikumva mapepala akutembenuzidwa mkatimo. Mphamvu zotsikira ndinalibe. Mayeso atatha anzanga anatuluka n'kumandilambalala. Mnyamata wamtali uja anagwada pafupi nane n'kundipatsa botolo lake la madzi.

Amalume anafika masana, ali wefuwefu, suti ya bwana ili paphewa m'pulasitiki. Anawatuma kukaitenga kochapitsa, ndipo kumeneko kunali mzere. Anayang'ana uku ndi uku kufuna poipachika, anaikoleka bwinobwino pachitsulo cha masitepe kuti isakhwinyate, kenako anagwada kundifulatira. Ndinakwera, Amayi. Ndikanatsika bwanji?

Musandiuze kuti zonse ndi Mulungu. Mulungu sanapite ku ofesi ndi chipewa kumanja.

Mzime wanu


27 Juni

Achemwali,

Moni. Ndikudziwa kuti mwanayu wakulemberani kale zoipa zanga, ndiye mumveko ndi mbali yanga. Bwana ankapita kukalankhula kumsonkhano waukulu, ndipo suti inali imodzi yomweyo. Ndikanati ayi? Foni ndinaizimitsa chifukwa m'galimoto ya bwana sindiyankha foni. Ndinathamanga, Achemwali, mpaka chifuwa chinandiwawa. Ndinapepesa, iye anandiyankha kuti pepani sapoletsa chilonda. Kwa ine, amalume ake.

Zotsatira zatuluka. Amulembera kuti sanabwere ku mayeso, ndipo kusabwera amakuwerengera ngati kulephera. Ndi kachiwiri, choncho am'chotsa. Kalata yake ndinachita kukam'patsa ndine, poti ndi ntchito yanga. Bwana anati akumva chisoni kwambiri, ndipo nkhope yawo inkaonekadi yachisoni.

Kuchipinda chogona amuuza kuti atuluke pofika Lachisanu. Ndim'kweza basi yam'mawa Loweruka, mukam'chingamire. Mabuku ndi olemera, mubwere ndi wa wilibala.

Ndine mlongo wanu


14 Julayi

Amalume,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi azakhali ndi ana, ndipo chiuno chija chasiya tsopano poti katundu anachoka.

Kuno ndinafika bwino. Amayi andiika pafupi ndi mashini, ndikusokerera mabatani. Chithunzi chanu chili pakhoma, pamwamba pa kalendala, ndipo aliyense wobwera kudzayesa diresi amauzidwa mbiri yake.

Sindikulemba kuti tikangane. Ndachita apilo. Lamulo limapatsa wochotsedwa mwayi umodzi wokaonekera pamaso pa komiti ina, yomwe bwana wanu sakhalamo. Andiyankha kuti ndikaonekere pa 8 Ogasiti m'mawa. Ndiyenera kukafika ine mwini, ndikapanda kufika nkhani yatsekedwa mpaka kalekale. Mnyamata wamtali uja wavomera kukachitira umboni, mnzanga wosaona nayenso abwera. Mphunzitsi wina wamkazi wa m'dipatimenti yathu anawerenga mapepala anga, ndipo akuti mlandu wanga ndi woyera ngati mkaka, chifukwa dandaulo linachotsedwa mwiniwake asanavomere.

Kwa inu ndikupempha mawu awiri okha. Mukanene kuti ine sindinakutumeni ku ofesi, ndiponso kuti tsiku la mayeso munatumidwa kwina. Simukanamizira munthu, simukatukwana munthu. Munandinyamula miyezi iwiri ndisanakupempheni. Ichi ndiye ndikukupemphani, ndipo n'chopepuka kuposa ine.

Ndibwera pa basi ya pa 7 Ogasiti, ndigona kwa mnzanga. Kuchoka kudepoti ndiyenda ndekha panjinga, musavutike kundichingamira.

Ndine mwana wa mlongo wanu


26 Julayi

Achemwali,

Moni. Kalata iyi muwerenge muli nokha.

Dzulo bwana anandiitana n'kutseka chitseko. Tiyi sanamwe. Anati amva za apilo, ndipo akudabwa kuti banja limene linawagwira chanza lero likufuna kuwavula pagulu. Anandifunsa ngati jekete likundikwana bwino. Achemwali, ine sindinapite patali ndi sukulu koma funso limenelo ndinalimva. Ndikakanena zimene mwanayu akufuna, ndiye kuti ndaloza bwana. Ndikakana kunena, komiti ikandifunsabe. Njira yabwino ndi yoti nkhaniyi isafike n'komwe pa tebulo. Mwana wanga wamkulu akulemba mayeso chaka chino, ndipo nyumba tikukhalayi ndi ya ntchito.

Nkhani ina ndi iyi. Pulofesa uja anaterereka kubafa kwawo n'kuthyoka mwendo, amuika pulasitala mpaka m'chiuno. Kalasi yake ya ophunzira a patchuthi aitsitsira pansi, m'chipinda choyang'anana ndi ofesi yathu. Madesiki tinanyamula ndife, tiyi wam'mawa asanazizire tinali titamaliza. Chipindacho n'chabwino ndithu, iwo eni akuti mwina asabwererenso kumwamba.

Koma akuvutika ndi ndodo, munthu wake ndi wonenepa. Njinga ya kuchipatala cha pasukulu ndi yakutha, tayala limodzi limakokera kumbali, ndipo yatsopano akuti ifika miyezi ikubwerayi. Bwana atadandaula za zimenezi ndinakumbuka kuti ya mwana wathu ndi yolimba, ndiponso yopepuka. Ndinangoti, "Bwana, banja lingathe kuthandiza." Nkhope yawo inamasuka pomwepo.

Poti mwanayo pano akungokhala pakhomo, mungatibwereke kwa mwezi umodzi kapena iwiri? Pulofesa akaona mtima wathu, ndani akudziwa, mwina chaka chamawa angam'lankhulireko. Zoterezi zimatheka ndi ulemu, osati ndi makomiti. Ikafike sabata yoyamba ya Ogasiti isanathe. Ndikhulupirira mwandimva.

Ndine mlongo wanu


7 Ogasiti

Achimwene,

Moni kwa inu, alamu ndi ana. Ndakumvani.

Njinga ndatumiza ndi kondakitala m'mawa uno, kalata ino ndapatsira munthu amene akubwera kumeneko usiku uno. Ndaipukuta, matayala ndapopetsa, ndipo kansalu kokhalira ndasoka katsopano kuti pulofesa asaone zigamba. Buleki yakumanzere imafuna kukoka mwamphamvu, muwauze.

Kumufunsa sindinamufunse, poti yankho ndimalidziwa. Usiku anasita bulawuzi yake yoyera, mapepala anaika m'chikwama, tikiti anagula kale. M'mawa uno nditamulowetsa kubafa ndinaitulutsa njingayo pakhomo lakumaso, mwana wa aneba n'kuthamanga nayo kudepoti. Atamaliza kusamba anaitana kuti ndimuyandikizire. Ndinamuuza zoona, ine sindinama. Ndinati yapita kukagwira ntchito yabwino kuposa imene iye amafuna kukaigwiritsa.

Ndimayembekezera kuti alalata. Sanalalate. Anandiyang'ana nthawi yaitali, madzi akudontha m'tsitsi, kenako anati, "Amayi, basi inyamuka nthawi yanji?" Ndinati yanyamuka. Anavala, anatenga chikwama n'kuchikoleka m'khosi, anatsika pa mpando wosambira n'kuyamba kukwawa. Anadutsa pabalaza, anadutsa pakhonde, makasitomala anga akuona. Anafika mpaka pageti. Kumeneko ndiye anaona yekha kuti msewu ndi wautali, matope a mvula ya chiperoni ali ponseponse, ndipo basi ina kulibe mpaka mawa masana. Anakhala pamenepo atagwira chitsulo cha geti, bulawuzi yonse itada.

Mtima unandiwawa, Achimwene, musaganize kuti ndine mwala. Ndinapita, ndinagwada kumufulatira, ndinati kwera mwanangu, anthu akuona. Anakana mpaka dzuwa linafika pamutu. Kenako mvula inayamba kuwaza, ndipo anakwera. Walemera kuposa kale, mawondo anga anachita kulira, koma ndinafika naye.

Pano ali kuchipinda, chakudya sanakhudze. Zimutha, ndi mwana. Pakhomo pano njinga siyofunika kwenikweni, ndizimunyamula ndekha.

Bwana muwapatse moni, muwauze kuti mawa asadikire munthu.

Ndine mlongo wanu